Mchira Wokhota wa Mkazi Mnzanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, tilipo. Kuti tili bwino sindinena, chifukwa inu bodza langa mumaligwira ndisanamalize n'kulankhula komwe.

Chaka chatha ndithu chikuikireni m'manda, ndipo kucheza kwathu kwa Loweruka lililonse kuja kunathera pomwepo. Nambala yanu ndinkaiimbirabe, kungofuna kumva ikuitana. Tsiku lina anayankha bambo wina wogulitsa matabwa ku Mchesi, n'kundikalipira kuti ndikumusokoneza pa bizinesi. Anthu a mafoni anaipereka kale kwa wina. Ndiye ndati bola ndilembe, pepala silikalipira munthu.

Ndiyambe ndi za kumudzi, ngakhale mwina inu mukuziona bwino kuposa ine. Munda wa ku Malingunde uja munaudzala ndi manja anu, achimwene Yohane anaukolola. Mtedza unachita bwino kwambiri, koma chimanga cha kumunsi kufupi ndi dambo chinamira, monga munkanenera kuti kumeneko kukufunika mizere italiitali iwo osamva. Akuti potonola mtedzawo alamu ankangolira, poti mbewu yake munasankha nokha. Alamuwo anachira bwinobwino mwezi wa Ogasiti, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu, Esinati. Lonjezo wanga kuno watsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri. Mukamuuza m'Chichewa kuti abweretse nsapato amabweretsa, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi chotafuna cha kuno chimene ngakhale ine ndimachita kutchera khutu. Mphumi ndi yanu, mkwiyo ndi wanunso. Mwana ameneyu munangomuonera pa foni, simunamunyamulepo.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Abambo.

Mukukumbuka kuti anabwera kuno kudzangokhala miyezi itatu, kudzaona mwana akabadwa, inu n'kunena kuti mutsatira mukakolola. Munawaseka pa bwalo la ndege kuti mlendo ndi mame, asakakhalitse kwa mkamwini. Mame ake ndi amenewa sanaume mpaka lero. Matenda a mliri aja atabuka, dziko lino linatseka malire ake gwa, wolowa ayi, ndege zotuluka nazo zosowa, ndipo ndi shuga wawo uja dokotala anakana zoti ayende. Inu uko, iwo kuno. Kenaka Januwale uja anafika.

Maliro anu tinaonera pa foni, Amayi. Abambo anavala jekete ndi tayi, n'kukhala pa mpando wa pabalaza atagwira foni ndi manja awiri. Tinaona anthu owerengeka, ena atavala mapulasitiki oyera thupi lonse, bokosi losatsegula. Amayi anzanu a kutchalitchi anaima patali, nyimbo ikumveka modukaduka. Nthawi yotsitsa bokosi netiweki inathawa, chithunzi n'kuima pa phazi la munthu wina. Ine ndinagwa pansi. Abambo anaika foni patebulo bwinobwino, n'kuvula tayi, n'kutuluka panja kukathirira kapinga.

Kuyambira tsiku limenelo sanagwetse msozi, ndipo dzina lanu sanalitchulenso. Mwana wa achimwene ankangomutchula kuti khanda lija. Anthu a kumpingo kwathu kuno anabwera kudzapepesa atavala zotseka pakamwa, iwo n'kumawathokoza mwaulemu ngati maliro ndi a munthu woyandikana naye nyumba. Chakudya ankangochitembenuza ndi supuni. Lamba wawo anayamba kumuboola mabowo atsopano ndi msomali. Ndinapita nawo kuchipatala, anawayeza zonse, akuti palibe chatsopano. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku Joondalup, ndipo munthu amene wayamba kutsanzika mwakachetechete ndimamudziwa. M'sitima pobwerera kunyumba ndinkangoganiza kuti ndikawapeza bwanji. Munkakonda kunena kuti misozi ukaimeza imakudya m'kati ngati anankafumbwe. Ndinkaona ndi maso anga bambo anga akufumbwa, ndipo ndinaopa kuti ndiika makolo onse awiri ndisanapondenso kwathu.

Tsiku lina ndikudutsa ku Bentley, ndinaona galimoto itaimikidwa kuseri kwa nyumba ina, yophimbidwa theka ndi lona wong'ambika. Ndinaima pakati pa msewu, wa kumbuyo kwanga mpaka anandiimbira hutala. Amayi, inali mkazi mnzanu! Mapangidwe omwewo, mphuno yaitali yomweyo, chitseko chakumbuyo chotsegukira m'mwamba chomwecho. Kusiyana kwake iyi inali yofiirira ndi dzimbiri, matayala ataphwa, akangaude atamanga mudzi m'kati.

Dzina limenelo munaipatsa ndinu galimoto yathu ya ku Likuni ija, poti Loweruka lonse Abambo ankathera pansi pake, ife n'kumangoona mapazi. Munkati mkazi mnzanuyo amadya ndalama kuposa ana, koma m'mawa kudzuka amachita kufuna kumunyengerera. Zoonadi, batire yake sindikumbuka kuti inagwirapo ntchito. Abambo ankakhala pa chiwongolero, chigongono pawindo, inu n'kumanga chitenje, n'kuima kumbuyo pakona ya kumanzere kuti ikalira muthamangire mpando wanu wa kutsogolo. Achimwene Yohane ankakankha kumanja, ine pakati ndikungogwirako. Tikafika kutchalitchi inu muli mbee ndi zoyera zanu, achimwene masokosi ali bii, inu n'kumawakalipira kuti mwana uyu uve anautengera kuti. Ndipo paipi yake ya utsi inali yokhota, kukamwa kwake kutaloza cham'mbali. Ana a m'dera lathu ankaitcha ya mchira wokhota. Ndikawafunsa Abambo ankangoti ndi sitayilo.

Ndinaigula galimoto ya ku Bentley ija osafunsa munthu. Mkamwini wanu, a Tembo, ataiona ikutsitsidwa pa lole pakhomo pathu ku Cannington, anagwira m'chiuno n'kundifunsa m'Chinyanja chawo cha ku Chipata chija kuti, "Manje iyi ni motoka olo ni khola ya nkhuku?" Ndinawauza kuti ndi mankhwala a Abambo, ndipo ngati ali ndi ena abwino kuposa amenewa abweretse. Anangoyamba kuchotsa katundu m'galaja.

Masiku oyamba Abambo sanaiyang'ane n'komwe. Ndinayamba kudzitukwana kuti ndataya ndalama pa chiphakasa. Koma m'mawa wina ndikupita kuntchito ndinapeza chitseko cha galaja chili pululu, ndipo pansi pa galimoto panatuluka mapazi awiri ovala masilipasi anga. Ndinaima pamenepo mpaka sitima inandisiya.

Miyezi yotsatira inali ya dzimbiri ndi girizi. A Tembo, paja amakonza makina ku migodi ya kumpoto, sabata ino ali uko sabata inayo ali kuno, ndiye akabwera ankalowa m'galajamo limodzi ndi apongozi awo. Anapala dzimbiri, anatsitsa injini, anasoketsa mipando. Pa penti Abambo anasankha okha wobiriwira, ndendende wa ku Likuni uja, koma osanena chifukwa. Anayamba kudyako pang'ono, poti sipanala siigwirika ndi njala. Kulankhulanso anayamba, koma nkhani zake za mabawuti, mabuleki ndi mapulagi basi. Ndikayesa kuponyamo mawu oti Amayi akanaiona akanaseka, iwo ankafunsa kuti sipanala ya nambala thetini ili kuti. Ndinkasangalala kuti akudya, koma mumtima ndinkapsa. Lamba uja sanabwerere pa bowo lake lakale.

Chomaliza kuika chinali ekizozi, paipi ya utsi. Paipi yakale inali itadyeka ngati chisa cha njuchi, ndiye anakapangitsa ina yatsopano, ndi kachitsulo konyezimira ka kumapeto kokhota ngati chigongono, komangira ndi bawuti imodzi. A Tembo pa zoyeza simungawathe. Anandifotokozera ngati ndikulemba mayeso: kuti pansi pa bampala kumanzere pali mpata umene opanga galimotoyo anasiyira paipiyo, ndipo iyenera kukhala pakatikati pa mpatawo. Pakati pa paipi ndi bampala pazilowa zala ziwiri, kuti kutentha kusawaule penti komanso zisamagundane pa mabampu. Itulukeko pang'ono kupitirira bampala, chifukwa ikabisala m'kati utsi umazungulira n'kulowa pa chitseko chakumbuyo, kumene kuzikhala Lonjezo. Ndipo kukamwa kwake kuloze pansi. Anakoka chingwe, anayeza ndi tepi, anabwerera m'mbuyo mpaka pamsewu atatsinzina diso limodzi. Abambo anagwirizira tochi nthawi yonseyo. Pomaliza anangoti a Tembo akhoza.

A Tembo atabwerako ku migodi sabata inayo, anapeza kukamwa kwa paipi kutaloza kumanja, ndipo bampala yatsopano yonyezimira ija itada ndi mwaye mbali imodzi, poti Abambo ankailiza injini m'galaja chitseko chili chotsegula. Anaganiza kuti bawuti inamasuka. Anapukuta mwaye, anawongola paipi, anamanga zolimba. Atapita n'kubweranso, yakhotanso. Anawongola. Yakhotanso. Mukudziwa inu za mkamwini ndi mpongozi, sangatsutsane maso ndi maso. M'galaja ankapatsirana zida mwaulemu, uyu "zikomo Batata," uyo "zikomo a Tembo," aliyense akudziwa chimene mnzake wachita. Nkhani inkafikira kwa ine kuchipinda. A Tembo anati iwo zokongola alibe nazo ntchito, koma utsi ukamayenda m'mbali mwa bampala chonchija udzalowa m'galimoto, ndipo mwana wawo sadzakweramo. Sanalakwe, Amayi. Ngakhale lero ndikuti sanalakwe.

Ndinapita kukalankhula ndi Abambo. Ndinayamba bwinobwino, nditagwada pambali pa tayala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti a Tembo akunena zoona, malo ake a paipi ndi amenewo. Mawa lake masana ndinawapeza ali chogona kumbuyo kwa galimoto, sipanala m'manja, akuikhotetsanso.

Pakamwa panga mukupadziwa, ndinatengera inu. Kunali kotentha tsiku limenelo, kutentha kwa kuno kowotcha ngati wayandikira mbaula, ndipo ndinali nditachokera kuntchito kumene gogo wina anatisiya m'mawa womwewo ana ake ali kutsidya kwa malire otseka. Ndinaphulika. Ndinati, "Abambo, chitsulo mukuchisisita tsiku ndi tsiku, koma mkazi wanu simunamulire. Chaka chathunthu! Dzina lawo lokha likukukanikani kutchula?"

Anatuluka pansi paja pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, anapukuta manja pa kansanza, anaika sipanala m'bokosi mwake, n'kukalowa kuchipinda. Madzulo amenewo sanadye. Mawa lake sanadyenso zolozeka, ndipo m'galaja sanapondemo. A Tembo atabwera anaiwongola paipi monga mwa masiku onse, ndipo inakhala yowongoka sabata yonse popanda woikhudza. Ndinkati ndikasuzumira m'galajamo n'kuiona ili bwinobwino pakati pa mpata wake, ndinkatseka chitseko msanga. Abambo anabwerera pa mpando wa pabalaza uja, manja pa maondo. Ndinadziwa kuti kamoto kamene kanayamba kuyaka ndakathira madzi ndine.

Lamulungu lapitali m'mawa tikukonzeka za kutchalitchi, ine nditavala kale diresi yanga yoyera, ndinamva kulira kwa sipanala m'galaja. Ndinathamanga poganiza kuti ndi Abambo. Anali a Tembo, ndi thalauza lawo la kutchalitchi, atagwada pa katoni. Anamasula bawuti ija, n'kutembenuza paipi ndi manja awo kuti iloze kumanja. Sanandiyang'ane. Anapita pakhomo la pabalaza n'kunena kuti, "Batata, bwelani tiyese motoka pa msewu."

Abambo anadzuka, anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anaiona paipi, anawayang'ana a Tembo, n'kukalowa pa chiwongolero. Atapotokola kiyi, galimoto inangoti kete kete. Batire yakale imene tinaipeza momwemo inali itatha mphamvu poima sabata yonse. Anayesanso, kete. Ndiye ndinaona dzanja lawo likupukusa windo, chigongono chikutuluka, mutu n'kusuzumira kumbuyo, ndipo anaitana ndi mawu awo akale aja, amphamvu, a ku Likuni:

"A Nambewe, takankhani!"

Amayi, dzina lanu linamveka m'galaja monse. Palibe anayankha. Ndinawaona atatembenuka, akuyang'ana pakona ya kumanzere pamene panalibe munthu.

Sindikudziwa chimene chinandiyendetsa. Ndinavula nsapato, ndinapita pakona panu paja, n'kuika manja pamene munkaika inu. A Tembo anagwira kumanja. Tinakankha kutsika kanjira ka pakhomo mpaka mumsewu, Abambo anaponya giya, galimoto inadumpha, inatsokomola, n'kulira. Chiutsi chakuda chimene chinatuluka pamenepo chinapita chonse kumanja, pa thalauza la a Tembo. Ine ndinadziyang'ana. Diresi yanga inali mbee, yopanda ngakhale kadontho.

Ndinaima pakati pa msewu opanda nsapato, ndikuyang'ana diresi, ndikuyang'ana miyendo ya a Tembo, ndipo ndinaona masokosi a achimwene Yohane. Zaka zonse zija mwana wa eni ankakalipiridwa za uve! Ine ndinakulira kumbuyo kwa galimoto imeneyo osadziwa chimene ndikuona.

Galimoto inaima patsogolo pang'ono, pansi pa mtengo wa bulugamu, injini ikulira. Ndinathamanga monga munkathamangira, ndinatsegula chitseko cha kumanzere n'kukhala pa mpando wanu. Abambo anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri, akuyang'ana kutsogolo. Anayamba kundiuza okha, ine osafunsa. Akuti Lamulungu loyamba atagula galimoto ija, ine ndisanabadwe, munaikankha mutavala zoyera, ndipo inakuthirani mwaye kuyambira m'mawondo mpaka pachifuwa. Akuti simunakalipe, munangoti mkazi mnzanuyu wakulavulirani, n'kubwerera m'nyumba, ndipo tsiku limenelo kutchalitchi simunapite. Madzulo ake anaikhotetsa paipi, ndipo sanakuuzeni.

Kenaka anati, "Utsi wa galimoto ndinamutchinjiriza zaka zonse zija. Koma tsiku limene mpweya unkamuthera Esinati, ine ndinali kuno, ndikuthirira kapinga wa eni."

Ndipo analira, Amayi. Ndinali ndisanamvepo bambo anga akulira, ndipo sindinkadziwa kuti m'thupi lowonda lija mungatuluke mawu otero. Analira mokuwa ngati pa siwa, akukuitanani maina anu onse, la kwanu, la ubatizo, ndi lina limene sindinalimvepo ndipo sindilemba pano poti ndi la awirinu. Azungu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo. A Tembo anapita kukawauza kuti palibe ngozi, ndi maliro, angochedwa kufika. Ine sindinawatonthoze Abambo. Ndinagwira dzanja lawo la girizi lija n'kulira nawo, ndipo diresi imene utsi unailambalala inadetsedwa ndi manja awo. Kutchalitchi sitinapite.

Sindikunamizani kuti achira. Akadali owonda, ndipo m'mawa wina amadzuka maso ali otupa. Koma masana a tsiku limenelo anamaliza mbale yawo, ndipo madzulo anandiuza kuti ndiwaimbire achimwene pa foni ya kanema. Atayankha, Abambo anati, "Yohane, tandionetsa Esinati." Achimwene anatembenuzira foni kwa khanda lija. Za masokosi ndawauza ndine, ndipo akuti mlandu umenewo adzakamba nanu okha akadzafika kumeneko.

Paipi ija a Tembo aikonza mwa njira yawo. Anagula kachitsulo kena kotalikirapo kuti kukamwa kwake kutuluke kupitirira bampala, utsi usamazungulire kumbuyo, zala ziwiri zija n'kuzisiya monga mwa lamulo lawo. Koma kuloza kwaloza kumanja, ndipo awotcherera, palibenso woitembenuza. Mzungu wina wokonda galimoto zakale anaima dzulo n'kutiuza kuti zonse takhoza kupatula paipi. A Tembo anamuyankha kuti ndi sitayilo.

Akuti malire adzatsegulidwa posachedwa. Akangotsegula, Abambo ndibwera nawo ndekha, tidzaone pamene munagona, tidzakumangireni chiliza, Lonjezo adzaponde dothi la kwanu. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndidzafika ndi zonsezi pakhomo, koma wotilandira ndi nthungululu sadzakhalapo. Ndakusowani, Amayi. Ndakusowani moti nthawi zina m'sitima ndimatembenukira kuwindo kuti anthu asandione.

Batire yatsopano a Tembo anagula Lolemba. Ikadali m'katoni mwake pa shelefu, poti Abambo anati tiisiye kaye pomwepo. Ndamva chimene akutanthauza. Choncho musadandaule za pakona panu. Lamulungu lililonse akatulutsa chigongono pawindo n'kukuitanani, ndizivula nsapato n'kuimapo ine, mpaka tsiku limene adzanene okha kuti batire ija tiike.

Gonani bwino, Nambewe. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu wa pakamwa ngati inu,
Tiyamike